Kodi Geography ya Fomu 5 ndi 6 idzamudyetsa mwana?

Ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene boma linayamba kugwiritsa ntchito mu 2025 ili ndi Fomu 5 ndi Fomu 6, ndipo makolo ena muno mu Chipata ayamba kale kufunsa ngati n'kwanzeru kulola mwana kusankha Geography pa mlingo umenewu. Iwo amaganiza kuti phunziroli ndi loloweza mayina a mitsinje ndi malikulu a mayiko basi, koma ine ndimaona kuti limapindulitsa, malinga ngati mwanayo sataya masamu ndi kompyuta.

Pa mlingo wapamwamba wophunzira safunsidwanso kuti Luangwa uli kuti, koma chifukwa chimene umasefukira ku Mfuwe m'nyengo ya dzinja, ndiponso zimene zimachitikira nthaka ya kumapiri mitengo ikatha ndi makala. Aliyense amene wakwerapo phiri la Kanjala waona nyumba zimene zikukwera mtunda chaka ndi chaka, komanso zigwembe zimene madzi amakumba pakati pa maziko mvula ikagwa yamphamvu. Wophunzira wabwino amatenga mapu, n'kuona pamene mizere yosonyeza kukwera kwa malo yathithikana, ndipo amadziwiratu kumene madziwo adzadutse asanamangepo munthu. Luso limeneli ndi limene khonsolo ikulifuna kwambiri kuyambira pamene Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017.

Ntchito zilipo ku ZEMA, kumene amaunika mmene chitukuko chingawonongere chilengedwe, ku WARMA, kumene amayang'anira madzi, ku nthambi ya zanyengo, ndiponso ku ZamStats, imene inachititsa kalembera wa 2022. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse, chinaonetsa kufunika kwa anthu odziwa kuwerenga zithunzi za setilaiti ndi kulozera madera amene chimanga chapserera. Uphunzitsi nawonso ulipo, ngakhale kuti ambiri amadikira nthawi yaitali asanalembedwe.

Ndinene mosabisa kuti satifiketi ya Fomu 6 payokha siitsegula maofesi amenewa. Mwana ayenera kupitiriza ku University of Zambia (UNZA), kumene kuli nthambi ya Geography ndi zachilengedwe, kapena ku Copperbelt University ku Kitwe kukaphunzira kakonzedwe ka mizinda. Olemba ntchito masiku ano amafunsa za GIS, luso lojambula ndi kusanthula mapu pa kompyuta, ndipo pulogalamu yochitira zimenezi ya QGIS ndi yaulere pa intaneti, moti amene ali ndi mwayi wa kompyuta angathe kuyamba kujambula mapu a komboni yakwawo patchuthi chikubwerachi.