Ntchito ya kusukulu yandifikitsa kwa a Aleke Banda

Sabata ziwiri zapitazo aphunzitsi athu a phunziro la kayendetsedwe ka makampani anatipatsa ntchito: aliyense asankhe mkulu wa kampani mmodzi, alembe momwe ndale zinamukwezera kapena kumugwetsera. Anzanga ambiri anathamangira mayina akunja. Ine ndinasankha a Aleke Banda, poti kwathu ndi ku Chintheche, ndipo kwawo ku Tukombo si kutali.

Ndinkawadziwa ngati nduna ya zachuma ya nthawi ya a Muluzi komanso eni nyuzipepala ya The Nation. Za Press Holdings ndazidziwira kuno ku Luwinga, ndikuwerenga usiku mvula ikugogoda pamalata.

Anabadwa mu 1939. Mu 1959, ali mnyamata wa zaka 20, atathamangitsidwa ku Southern Rhodesia, anathandizana ndi a Orton Chirwa kuyambitsa MCP, Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo. Press nayo inayamba ngati kampani yosindikiza nkhani za chipanicho, kenako n'kukula mpaka kukhala ndi minda ya fodya, sitolo za PTC ndi masheya m'mabanki. A Aleke ndiwo ankayendetsa ntchito zake tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pomwe ndinaima nthawi yaitali. M'buku lathu muli chithunzi chooneka bwino: eni masheya pamwamba, bodi ndi wapampando pansi pawo, kenako bwana woyendetsa kampani, aliyense akuyang'anira mnzake. Ndinayesa kulowetsa Press m'chithunzicho, zinakanika. Wapampando anali Kamuzu. Mwini wa pafupifupi masheya onse anali Kamuzu. Mtsogoleri wa dziko, amene ankasankha mabwana a ADMARC yomwe inkabwereketsa ndalama ku Press, anali yemweyo. Ndalamazo zinkachokera pa mbewu za alimi ang'onoang'ono zogulidwa motchipa. Nanga woyendetsa kampani akaona cholakwika, akadandaula kwa yani?

Mu 1980 anamangidwa, nakhala m'ndende popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1992. Boma linkati anasokoneza chuma cha Press. Ambiri amati chomwe chinawapalamulitsa n'kuuza mwini wake kuti akutapa ndalama zochuluka m'kampaniyo. Zaka 12! Ndikawerenga pamenepa mtima umandiwawa.

Loweruka ndinakacheza kwa amalume ku Chibavi, n'kuwawerengera zomwe ndalemba. Anandidula pakati. "Mphwanga, ukulemba ngati munthuyo anali mlendo pakhomopo. Nyumba imeneyo anamanga nawo. Payoniya anaitsogolera ndani pachiyambi?" Ndinayankha kuti, "Ndi iwo omwewo, amalume." Ndinachita manyazi, chifukwa ndinali nditalemba masamba atatu owalira okhaokha. Ndabwereranso pachiyambi kuti ndionetse zonse ziwiri: kuyandikana ndi Kamuzu ndiko kunawapatsa mpandowo, ndipo kuyandikana komweko ndiko kunawasiya opanda kothawira.

Kwatsala ndime ya lamulo la mu 1995 lomwe linachotsa Press Trust, bungwe losunga masheya a Press, m'manja mwa Kamuzu. Nthawi imeneyo nduna ya zachuma anali a Aleke omwewo, patangopita zaka zitatu chitulukireni m'ndende. Ntchitoyi ndikapereka Lachisanu, ndipo ndime imeneyi ndailemba kale kawiri n'kufufuta.