Lero ndinalowa mkati mwa manambala

Loweruka. Mwana wa mlongo wanga anafika dzulo kuchokera ku Lusaka ndi chimagalasi chija chovala kumaso cha VR, chomwe ukavala umaona ngati walowa mkati mwa zithunzi za pakompyuta, ati Meta Quest. Pulojekiti yake ya kusukulu wayika manambala a mvula pa mapu a kuno kum'mawa, boma lililonse ndi chipilala chake, Chipata, Katete, Petauke, Lundazi, Chadiza, komwe mvula inagwa yambiri chipilala n'chachitali. Ndiye titangomwa tiyi akuti amalume bwerani muvale, ndikufuna ndione mutenga nthawi yaitali bwanji kupeza chachitali kuposa zonse.

Poyamba anandiika m'mwamba, mapu onse ali pansi panga ngati momwe tauni imaonekera ukakwera phiri la Kanjala. Apa sindinavutike ayi, kungoponya maso kamodzi ndaloza.

Kenako anadina kabatani, basi ndili pansi pakati pa zipilala zija ngati ndalowa m'munda wa chimanga chotalika. Eee apa ndiye panavuta. Chomwe chili pafupi chimaoneka chachikulu ngakhale chili chachifupi, komanso chimabisa zinzake zakumbuyo, ndiye kuti ufananitse ziwiri uyenera kutembenuka ndipo pomwe ukutembenukapo waiwala kale kuti choyamba chija chimalekezera pati. Ndinaloza Katete kawiri, kawiri konse ndinaphonya, mwana uja kuseka mpaka misozi uku akulemba m'kabuku kake.

Chinandimaliza ndi chizungulire. Atayamba kundiyendetsa ndi ka controller kaja kogwira m'manja, m'mimba munatembenuka, ndinavula msanga n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Iye akuti zimachitika chifukwa maso akuuza ubongo kuti ukuyenda pomwe mkati mwa khutu, momwe thupi limamvera ngati likusuntha, mukuti iwe waima pamodzi. Amake ana anangondipatsa madzi n'kunena kuti zofuna nokha izi.

Koma ndisaname, pansi paja panali ubwino wake. Nditavalanso madzulo ndinaona bwino momwe nthaka imatsikira kulowera kuchigwa cha Luangwa, chinthu chomwe m'mwamba muja chimangooneka chafulati. Ndinamuuza kuti ngati funso ndi lakuti chachikulu ndi chiti, munthu azimusiya m'mwamba, kumutsitsa pokhapokha akafuna kuona malo amodzi bwinobwino. Wati ayika batani loti munthu azisintha yekha.

Mawa tikaweruka kutchalitchi akufuna agogo ake ayese. Agogowo akana kale, ati maso awo ndi omwewo awiri.