Sabata ya Boycott ndi belu la nkhonya

Ana anga a Fomu 4 amatha kuloweza tanthauzo la "turn a blind eye" ndi mawu ena okuluwika a Chingelezi, koma pa kompozishoni amawaponya paliponse ngati mchere wa wophika watsopano. Mayeso a MSCE akuyandikira, choncho sabata yatha tinasiya kaye galamala n'kuyamba kufufuza kumene mawuwa anachokera.

Lolemba tinatenga "boycott". Kunyanyala makalasi ana amakudziwa bwino, koma palibe ankadziwa kuti ili ndi dzina la munthu. Captain Charles Boycott anali kapitawo wa minda ya Lord Erne ku County Mayo, ku Ireland. Mu 1880 zokolola zinavuta, alimi obwereka minda n'kupempha kuti lendi itsike ndi 25 peresenti. Mwini minda anangolola 10, ndipo Boycott anayamba kutumiza zikalata zowathamangitsa. Anthu sanamugwire n'chala chomwe. Antchito anachoka m'munda, eni masitolo anakana kumugulitsa katundu, ngakhale wobweretsa makalata anasiya kufika pakhomo pake. Kuti mbewu zikololedwe panabwera amuna 50 ochokera kumpoto, akulonderedwa ndi asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene nthawi zambiri amangoyang'ana pawindo, anakweza dzanja: "Aphunzitsi, ndiye anali ngati matenanti a ku esiteti ya fodya?" Ndinati inde, ndipo periyodi yonse inathera pamenepo. Sindinadandaule.

"Deadline" inabwera yokha Lachitatu, ahedi atatikumbutsa kuti malikisi a mayeso oyeserera akufunika Lachisanu. Ku ndende ya asilikali ya Andersonville ku Georgia, mu 1864, pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, kunali mzere mkati mwa mpanda, mamita pafupifupi 6 kuchokera ku khoma. Mkaidi wowoloka mzerewo ankawomberedwa. Tanthauzo la nthawi yomaliza kupereka ntchito linafala m'manyuzipepala cha m'ma 1920. Ana anaseka n'kufunsa ngati ahedi nawo ali ndi mfuti.

Chovuta chinali Lachinayi. Mnzanga wophunzitsa Histore atamva zomwe ndikuchita anandionetsa uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti "saved by the bell" anachokera kwa Angelezi akale amene ankamanga chingwe cha belu m'bokosi la maliro, kuti woikidwa wamoyo aliyimbe. "Akulu, iyi ana aikonda," anatero. Angaikondedi, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Mabokosi a mabelu anthu anawapangadi m'zaka za m'ma 1800, koma mawuwo ndi a masewero a nkhonya: womenyedwa ali pafupi kugonja, belu lothetsa raundi n'kulira. Nkhani ya m'bokosiyo inafala ndi imelo ina ya mu 1999, yomwenso inanama kuti "raining cats and dogs" anachokera kwa amphaka ndi agalu amene ankatsetsereka pa madenga a udzu mvula ikagwa. Ndinawauza anawo nkhani zonse ziwiri n'kuwafunsa kuti yoona ndi iti. Ambiri anasankha ya bokosi. Tinakhalitsa pa funso lakuti umboni ungapezeke kuti, mpaka mtsikana wina anati tiyang'ane pomwe mawuwo analembedwa koyamba, ngati panali nkhani ya maliro kapena ya nkhonya. Ntchito ya anthu olemba madikishonale ndi yomweyo.

Lachisanu, popeza tikuwerenga Macbeth, ndinawapatsa "steal someone's thunder", kutanthauza kumulanda munthu ulemu umene akanalandira pa nzeru kapena ntchito yake. Wolemba masewero John Dennis anapeza njira yatsopano yopangira phokoso la bingu pa sewero lake ku bwalo la zisudzo la Drury Lane, ku London, mu 1709. Sewerolo silinakondedwe ndipo linaimitsidwa msanga. Posakhalitsa iye anapita kukaonera Macbeth pa bwalo lomwelo n'kumva bingu lake likugunda, ndipo anakalipa kuti sewero lake alikana koma bingu amubera.

Malikisi ndinapereka nthawi yake. Makope a kompozishoni ndinapita nawo kunyumba, ndipo "boycott" ndi "deadline" pafupifupi onse anazilemba pamalo oyenera. Bingu lija likadali kuwasokoneza, ena akuganiza kuti ndi nkhani ya mvula, choncho Lolemba tiyambiranso pomwepo.