Kufufuza mapepala a mkulu wa asilikali wa nkhondo ya 1914 kuchokera ku Mangochi

Ndimayambira pa zimene zili m'nyumba: mendulo, makalata, chithunzi. Mendulo za nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zimakhala ndi dzina ndi udindo m'mphepete mwake kapena kumbuyo, ndipo za msilikali wamba zimakhalanso ndi nambala. Za nkhondo yachiwiri zambiri n'zosalembedwa dzina, choncho musataye nazo nthawi. Pepala lililonse ndimalijambula mbali zonse ziwiri, ndi kumbuyo komwe, poti chidindo ndi deti zimabisala kumeneko. Osamata selotepi, osapanga lamineti. Chotsani mapini a dzimbiri, muike m'envulopu pamalo ouma, chifukwa kuno chinyezi ndi chiswe sizichedwa.

Pofufuza pa intaneti musalembe Mangochi. Lembani Fort Johnston, dzina lake lakale, ndipo dziko ndi Nyasaland. Ambiri amagwa ulesi pomwepa, n'kumati palibe cholembedwa.

Ngati munthuyo anafera kunkhondo, ndimayamba ndi kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, yemwe ndi waulere. Kenako ku National Archives ku Zomba. Kumeneko musadabwe mukapeza mipata: moto wa 1919 unatentha ofesi ya Secretariat pamodzi ndi mafaelo ambiri akale. Zina zimene zinapsa zimapezekabe ku National Archives ya ku Britain, imene ili ku Kew, ku London, chifukwa bwanamkubwa ankatumiza makalata kumeneko. Pa kabuku kawo ka pa intaneti ka Discovery ndimayang'ana CO 525, makalata a Nyasaland, ndi CO 534, a gulu la asilikali la King's African Rifles (CO ndi Colonial Office, unduna woona za maiko a atsamunda). Mafaelo a maofesala ali mu WO 339 ndi WO 374 (WO ndi War Office, unduna wa za nkhondo), koma ndi zotsalira chabe, poti enieniwo anapsa ndi mabomba mu 1940. Zochitika za tsiku ndi tsiku za bataliyoni zili mu WO 95. Mmenemo maofesala amatchulidwa maina, pamene asilikali akuda ndi amtengatenga nthawi zambiri amangowerengedwa ngati manambala.

Samalani ndi dipatimenti imene munthuyo ankagwirako. Captain Rhoades, amene anawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914, ankayendetsa sitima ya Guendolen, ija mfuti yake ili pafupi ndi nsanja ya wotchi pano pa boma la Mangochi. Sitimayo inali ya boma la Nyasaland, kotero nkhani yake ndimaifunafuna m'ma CO, osati m'ma WO. Dzina la sitimalo yesani kulilemba pawiri, Guendolen ndi Gwendolen, chifukwa alembi sankagwirizana.