Kope langa la mafilimu: District 9, nsomba za ku Mwanza wa ku Tanzania ndi chisankho cha ku Zimbabwe

Kope limene ndimalembamo mafilimu latsala pang'ono kudzaza. Poyamba ndinkangolemba dzina la filimu, chaka chake ndi chigamulo changa: chambo ngati yandigwira mtima, mcheni ngati ili bwinoko, usipa ngati ndi yongotayitsa nthawi, bonya ngati tulo tinandiba isanathe. Masiku ano filimu imodzi ikumadya masamba awiri. Kopelo ndinaligawa patatu, mbali ya sayansi yongopeka, mbali ya othamangitsa magazi ndi mbali ya ma documentary a ndale, koma mwezi uno malire amenewa asokonekera. Filimu ya zolengedwa zakuthambo taionera ngati nkhani ya pa wailesi, pamene ya zochitika zenizeni yandisiya ndikufunsa kuti zoona zake zikulekezera pati.

Ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Mangochi, m'nyumba simukhalika. Laputopu ndimaika pa mpando pakhonde, kasipika pambali, mankhwala a udzudzu akufuka pansi. Mafilimu ambiri ndimakaikitsa mu fulashi kumsika chifukwa bandulo siingapirire. Ndimapempha osamasulira. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja ndimawapatsa ulemu, pa filimu ya karate palibe owaposa, koma pa mafilimu awa nthabwala zawo zimakwirira malo amene wokonza filimu anafuna kuti pakhale zii.

District 9 (2009, wotsogolera Neill Blomkamp) ndinaionera ndi alamu anga amene anakhalitsa ku Joni. Nkhani yake ndi iyi: mu 1982 chombo chachikulu cha m'mlengalenga chikuima pamwamba pa Johannesburg, osatera, osachoka. Anthu atachiboola akupezamo zolengedwa zoposa miliyoni, zofooka ndi njala. Akuzitsitsa n'kuziika m'kampu ya zisakasa za malata, waya kuzungulira. Patapita zaka zoposa 20 anthu atopa nazo, ndipo kampani ina yapatsidwa ntchito yozisamutsira kutali ndi mzinda. Woyang'anira ntchitoyo ndi Wikus, munthu wa muofesi, wovala kajuzi kopanda manja, woseka paliponse.

Malo amene anandimaliza ndi pamene Wikus akuyenda khomo ndi khomo ndi mapepala oti zolengedwazo zisaine kuti zavomera kusamuka, asilikali a mfuti ali kumbuyo kwake. Cholengedwa china chikumenya pepalalo mwaukali, iye n'kuwerengera kuti pamene chakhudzapo ndiye kuti chasaina. Ine ndinaseka. Alamu sanaseke. Anandiuza kuti ndiimitse kaye, n'kunena kuti, "Alamu, inu mukuona zakuthambo, ine ndikuona lokeshoni yomwe ndinkagona. Kugogoda kumeneko ndimakudziwa." Ndiye anayamba kufotokoza za kugona nsapato zili kumapazi, za kusayankhula Chichewa kapena Chiyao mu takisi, za dzina lachipongwe limene amaitanira obwera. Filimu inadikira mpaka tiyi anazizira.

Sizinangochitika mwangozi. Dzina la filimuyi likukumbutsa District Six, dera la ku Cape Town kumene boma la tsankho linathamangitsako anthu, ndipo inatuluka patangotha chaka chimodzi chichitikireni zipolowe zothamangitsa obwera ku South Africa za mu Meyi 2008 zimene zinapha anthu 62. Mu 2015 zinabukanso ku Durban, boma lathu n'kutumiza mabasi kukatenga Amalawi, ndipo ambiri mwa otsika mabasiwo anali a kuno ku Mangochi. Kuno simufunika kufotokozera munthu tanthauzo la filimu imeneyi.

Komabe ili ndi bala. Filimu yodzudzula kudana ndi obwera yomweyo ikuonetsa anthu a ku Nigeria ngati zigawenga zokhazokha, zogulitsa chakudya cha amphaka kwa zolengedwazo pa mtengo wokwera ndi kudya nyama ya zolengedwazo pofuna mphamvu. Boma la Nigeria linakwiya mpaka nduna yofalitsa nkhani, Dora Akunyili, inalamula kuti isaonetsedwe m'nyumba za kanema. Sindingawatsutse. Ndiponso chakumapeto kwake nkhani ikuthawa, kutsala mfuti ndi zophulika. Ndailemba chambo, koma chogona.

Interstellar (2014, Christopher Nolan) sindinenapo zambiri. Dziko likufa ndi fumbi, matenda a mbewu atha tirigu, atha therere, chotsala ndi chimanga chokha. Pamenepo amayi akunyumba anati, "Ndiye ife tinafika kale kutsogoloko." Bambo wina akusiya ana ake n'kukwera chombo kukasaka dziko lina loti anthu asamukireko. Pali dziko la madzi okhaokha kumene ola limodzi ndi zaka 7 za kuno, ndipo atabwerera m'chombo bambo uja akupeza mauthenga a zaka 23, ana ake akula iye osawaona. Pokhapo m'pamene panandilasa. Masamu ake anathandizira ndi katswiri weniweni, Kip Thorne, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2017, koma mapeto a kuseri kwa shelefu ya mabuku aja sanandikhutitse. Ndi yaitali mphindi 169, magetsi anazima pakati, batire inatha, tinamaliza mawa lake. Mcheni.

Kumbali ya othamangitsa magazi, Eye in the Sky (2015, Gavin Hood) yaposa onse amene ndaonera chaka chino. Zigawenga za Al-Shabaab zili m'nyumba ina ku Eastleigh mu Nairobi, zikuveka anyamata mabomba. Kumwamba kuli drone yonyamula mizinga, woiyendetsa ali ku Nevada, mkulu wa asilikali, Helen Mirren, ali ku England, nduna zili pa tebulo ku London. Zonse zakonzeka. Kenaka kamtsikana kakubwera ndi mikate imene amayi ake aphika, n'kuyala pa katebulo kuseri kwa mpanda wa nyumba yomweyo.

Basi, filimu yonse ndi imeneyo: kodi mikate itha liti? Kazitape wa pansi, Barkhad Abdi, akupita kukagula mikate yonse kuti mwana achoke. Akumuzindikira, akuthawa, mikate ikugwa m'fumbi. Mwanayo ndalama walandira kale, koma akutola mikate ija, kuipukuta, kuiyalanso kuti agulitse kawiri. Akuluakulu a ku London agwira mitu. Ife pakhonde tinangoyang'anana, chifukwa mwana aliyense wogulitsa mandasi pa depoti kapena pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi akanachita chimodzimodzi. Amene analemba malo amenewa amadziwa umphawi. Chinanso chinandisangalatsa: kakamera kooneka ngati kachikumbu kamene kakuonetsa za m'nyumbamo kakutha batire pa nthawi yoipitsitsa. Ngakhale azondi a maiko olemera vuto lawo ndi lathu lomweli.

Zimene nduna zikuchita m'filimumu aliyense amene anakasainitsapo pepala ku ofesi azizindikira. Aliyense akukankhira wamkulu wake, wamkuluyo ali ku msonkhano kunja, wina ali kuchimbudzi m'mimba mwamutsegula. Chambo chenicheni. Chodandaula changa n'chimodzi: makolo a mwanayo, amene nkhani ikuwagwera, ndiwo akuyankhula mawu ochepa kuposa onse.

Abdi yemweyo ndi amene anasewera mtsogoleri wa achifwamba a pamadzi mu Captain Phillips (2013), ya sitima yotchedwa Maersk Alabama imene inagwidwa mu 2009 kufupi ndi Somalia. Ndinaibwereza sabata yomweyo. Imathamangitsadi magazi, koma zoti anyamatawa anali asodzi ndipo masitima akuluakulu akunja anawathera nsomba zikungotchulidwa modutsa. Kwa ine nkhani inali pamenepo. Mcheni.

N'chifukwa chake ndinapita ku Darwin's Nightmare (2004), filimu ya zochitika zenizeni ya Hubert Sauper wa ku Austria, ndipo iyi ndi imene yadya masamba ambiri m'kope. Anaijambula ku Mwanza, m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania. M'zaka za m'ma 1950 m'nyanjamo anathiramo nsomba yachilendo, Nile perch, chinsomba chotha kukula kuposa munthu. Chinadya timitundu tambirimbiri ta nsomba za m'menemo, abale ake a mbuna ndi utaka wathu. Kenaka kunabwera mafakitale. Mnofu amausenga bwinobwino n'kuukweza ndege zikuluzikulu zoyendetsedwa ndi anthu a ku Russia ndi Ukraine, ulendo ku Ulaya. Eni nyanja amatsala ndi mitu ndi minga. Kamera ikuyandikira pa matandala pamene ayanikapo zotsalazo, mphutsi zili nyakanyaka m'matope, mayi akuponda momwemo opanda nsapato. Pali mlonda wa usiku wolondera ndi uta ndi mivi ya ululu pa malipiro a dola imodzi. Pali ana ogona m'misewu akusungunula mapulasitiki okutira nsomba n'kumanunkhiza utsi wake kuti agone.

Nsima sinalowe bwino usiku umenewo. Munthu wokhala pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe sangaonere zimenezi ngati za kutali. Akuluakulu amatiuza mmene chambo chinkachulukira ku Malombe chisanathe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kwathu sikunabwere chinsomba chachilendo ayi, tinamaliza tokha ndi makoka a maso ang'onoang'ono. Lero chambo chabwino chimadutsa pamaso pathu m'makula boksi kupita ku Blantyre, ku Lilongwe ndi kumahotela.

Koma m'mawa mwake, mtima utakhala pansi, ndinayamba kuifunsa mafunso filimuyo. Kuyambira pachiyambi imakukoka kuti ukhulupirire kuti ndege zija zimabwera ndi zida za nkhondo n'kubwerera ndi nsomba. Sauper akufunsa woyendetsa ndege uyu, akufunsa uyo, usiku, mowa uli patebulo. Bokosi la mfuti likutsitsidwa pa Mwanza silioneka ngakhale limodzi. Mu 2006 pulezidenti Jakaya Kikwete anaidzudzula poyera kuti yaipitsa dzina la dziko lake ndi malonda a nsomba. Andale akakwiyira filimu ine ndimayamba kuikonda, koma apa anali ndi kamfundo. Ukamaliza kuonera umaganiza kuti ku Mwanza kulibe munthu amene amadzuka, kusamba, kupita kuntchito n'kubwerako. Mlendo atabwera ndi kamera pa doko lililonse la kuno nthawi ya usipa, n'kusankha oledzera okha, ana osiya sukulu okha ndi amayi ovutitsidwa ndi asodzi okha, zonse zingakhale zoona, koma ife sitingadzizindikire. Ndailemba chambo pa kujambula, usipa pa chilungamo. Aka n'koyamba filimu imodzi kulandira nsomba ziwiri. Pambali ndalembapo kuti ndibwereze The Last Fishing Boat (2012) ya Shemu Joyah, yongopeka koma yokamba za msodzi wa nyanja yathu ino, yokonzedwa ndi Mmalawi, ndione ngati diso la mwini mudzi likusiyana.

Yomaliza ndi President (2021) ya Camilla Nielsson wa ku Denmark, yotsata Nelson Chamisa, mtsogoleri wa otsutsa boma, pa chisankho cha ku Zimbabwe cha pa 30 Julayi 2018, choyamba Robert Mugabe atachoka pampando. Theka loyamba ndi misonkhano, nyimbo, chiyembekezo. Theka lachiwiri ndi zipinda zodzaza mapepala a zotsatira, anthu maso ali gwa pa makompyuta. Pa 1 Ogasiti asilikali anawombera anthu m'misewu ya Harare, 6 n'kufa. Bungwe la chisankho linalengeza kuti Emmerson Mnangagwa wapeza 50.8 peresenti, Chamisa 44.3, ndipo khothi linakana dandaulo lake mwezi womwewo.

Amalume anga, amene mafilimu amati ndi zibwana, iyi anakhala mpaka kumapeto. Chifukwa chake n'chodziwika. Ifenso tinavota pa 21 Meyi 2019, tinaona mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 tinakhala tsiku lonse khutu lili pa wailesi majaji 5 akuwerenga chigamulo chothetsa chisankhocho, n'kudzavotanso pa 23 Juni. Mlandu wa Chamisa ukulowa m'khothi, amalume anati, "Mphwanga, uyu wapita ndi mkwiyo wambiri, mapepala ochepa." Tinatsutsana mpaka usiku, ine ndikuti mapepalawo anali m'manja mwa omwe ankawaimba mlandu. Filimuyi ili mbali imodzi poyera, kamera imagona ndi kudzuka ku msasa wa Chamisa, ndiye ndinaionera ndikudziwa zimenezo. Siinandinamize kuti ili pakati. Mcheni wonona. Ndikulakalaka wina wa kwathu atasonkhanitsa zithunzi za 2019 ndi 2020, za m'misewu ndi za m'khothi, n'kukonza yathu anthu amene analipo asanayambe kuiwala.

Chimene chasintha m'kope n'chakuti pansi pa filimu iliyonse ndawonjezera mizere iwiri, wina wolemba amene wagwira kamera, wina wolemba amene sanapatsidwe mpata woyankhula. Ndabwerera m'mbuyo kudzaza mizereyi pa mafilimu akale, ndipo zambo zingapo zatsika kukhala mcheni.

Mu fulashi mwatsala Pumzi (2009) ya Wanuri Kahiu wa ku Kenya, ya dziko limene madzi anatha itatha nkhondo, yaifupi moti batire ikwanitsa popanda nkhawa. Mulinso Soundtrack to a Coup d'Etat (2024), yokamba za kuphedwa kwa Patrice Lumumba, mtsogoleri wa dziko la Congo, mu Januwale 1961, komanso za oimba jazz a ku America, koma imeneyo ndi maola awiri ndi theka ndipo ili ndi zowerenga zambiri m'munsi, ndiye idikira Loweruka limene magetsi akhale tsiku lonse. Alamu anena kale kuti akatha zimenezo akufuna ya karate yomasulira, ndipo mpando ndi wawo.