Manda 36 kuseri kwa nyumba ya azakhali

Tsiku loyamba la digiri yachiwiri aphunzitsi anatiuza kuti kafukufuku ndi wako wekha, iwo ndi ongokuunikira njira. Ine mawuwo ndinawamva mopitirira muyeso, moti mpaka lero ku Mtendere, mumzinda wa Lusaka, kuli amayi ena amene akandiona patali amagwira chitenje chawo ndi manja awiri.

Funso langa linali laling'ono. Ndinakulira ku Katete, bambo anga ndi mlimi wa thonje, koma fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe inatsekedwa mu 2007, ndipo zitenje zambiri zimene zadzaza ku msika wa Kamwala n'zochokera kunja. Wogulitsa aliyense amalumbira kuti yake ndi thonje lenileni. Ine ndinkafuna kudziwa kuti poliyesita wabisalamo wochuluka bwanji. Poliyesita ndi pulasitiki yomweyi ya mabotolo a madzi akumwa, amangoisungunula n'kuikoka kuti ikhale ulusi.

Ku labu umayeza kansalu pasikelo, n'kukaviika mu asidi wa sulfuric wa 75 peresenti. Asidiyo amadya thonje n'kusiya poliyesita, ndiye ukaumitsa umayezanso. Njira ina ndi kukwirira nsalu m'dothi lachinyontho, chifukwa tizilombo ta m'nthaka timadya thonje koma pulasitiki sitiikhudza. Dothilo limayenera kukhala m'kabati yamagetsi yosunga kutentha kofanana. Koma chaka chake chinali 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi akubwera ngati mlendo wodzapempha moto. Ndinaganiza kuti dothi ndi dothi, ndipo kuseri kwa nyumba imene ndinkakhala ndi azakhali kunali lambiri, laulere.

Ndalama zinangokwana zitenje zisanu. Zina zisanu ndi ziwiri ndinapempha tizidutswa kwa telala wa pakona, munthu wokonda kulongosola. "Aka n'ka amayi busa, aka ka mkazi wa alandilodi anu, aka ka azakhali anu omwe." Ndinalemba momwemo, popeza aphunzitsi amati sampulo yosadziwika kumene yachokera ndi chinyalala. Nsalu 12, iliyonse tizidutswa titatu, zonse 36.

Ndinkafika kunyumba kutada, choncho maenjewo ndinakumba usiku, pakati pa chimbudzi ndi repu wa azakhali, ndikuunika ndi tochi ya foni. Unali mwezi wa June, kukuzizira, ndiye ndinavala chikhoti choyera cha ku labu. Timitumbira tinandanda bwino m'mizere, kalikonse ndi kamtengo kake ndi kapepala kolemba mwini nsalu. M'mawa uliwonse ndinkatithirira madzi. Azakhali atafunsa ndinangoti, "Ndi za kusukulu," iwo n'kungoti, "Ohoo."

Zikanathera pamenepo mwina bwenzi ndili ndi ulemu wanga. Koma tizidutswa totsala ndinkatiyesanso ndi moto wa kandulo. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala, n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita amathawa lawi, amasungunuka, n'kusiya kampira kakuda kolimba. Kuti usiyanitse uyenera kununkhiza utsi. Cholembera sichinkaoneka mumdima, ndiye ndinkajambula mawu pafoni, pang'onopang'ono, momveka bwino:

"Amayi busa: apsa onse, latsala phulusa. Mkazi wa alandilodi: wasungunuka, wakakamira."

Sindinadziwe kuti mwana wa aneba amakhala pampanda.

Sabata yachinayi amayi busa anagona ndi malungo. Yachisanu mkazi wa alandilodi anatupa mwendo. Ine ndinapitadi kukawazonda, n'kuwafunsa kuti akumva bwanji, ndipo ndinadabwa kuti akundiyankha atayang'ana kukhoma.

Loweruka la sabata yachisanu ndi chimodzi ndinatsika minibasi, ndipo ndisanafike pageti ndinamva nyimbo. Ndinaganiza kuti kwagwa maliro. Kuseri kwa nyumba ndinapeza amayi a chigwirizano atazungulira, abusa atatsegula Baibulo, akulu a mpingo awiri ali ndi makasu. Manda anga onse anali atafukulidwa. Tinsalu tinali palichero, timapepala tili pa mulu wake. Azakhali anakhala pampando, chete, dzanja lili patsaya.

Alandilodi ananyamula kapepala kamodzi ndi nsonga za zala.

"Achimwene, mkazi wanga akutani pansi pa nthaka?"

Munthu wanzeru akanayamba ndi moni. Ine, mwana wa sukulu, ndinayankha funso monga linabwerera.

"Bambo, ndimangofuna kuona ngati awole."

Nyimbo inakwera. Amayi ena anakuwa kuti "Yesu!", ndipo abusa anandiloza ndi Baibulo lonse. Ndinayamba kulongosola mothamanga kuti thonje ndi selulozi, kuti poliyesita sasungunuka mpaka madigiri opitirira 250, kuti ine ndimaphunzira za polima (polymer pa Chingerezi, gulu la zinthu monga pulasitiki).

Mkulu wa mpingo wina anatsamira khasu lake. "Polima timakwirira chimanga, mwanawe. Zitenje za akazi a eni sitikwirira."

Apo ndinasowa chonena. Ndinaona kale chithunzi changa chikuyenda pa WhatsApp, bambo anga akuchilandira ku Katete.

Anandipulumutsa ndi azakhali, ngakhale kuti cholinga chawo sichinali chimenecho. Anadzuka, n'kukoka lichero, n'kuyamba kusanthula tinsaluto ngati akusankha nyemba. Ka amayi busa kanali katatheratu, kamangoyoyoka m'manja. Kenaka anatola kena, kobiriwira, n'kukakung'untha. Kanali kowala ngati kagulidwa dzulo.

"Iwe. Aka n'kanga. Bwanji sikanawole?"

"Ndi pulasitiki, azakhali."

"Chiyani?"

"Mulibe thonje. Ndi mabotolo."

Panali zii. Chitenjecho anachigula ku Kamwala cha ukwati wa mwana wawo, pamtengo umene mpaka lero amautchula monong'ona, wogulitsa atalumbira pa ana ake kuti ndi thonje lenileni. Kuyambira tsikulo ankadandaula kuti chimawotcha ngati uvuni, koma ankati ndi BP. Ndinawauza, mwaulemu wonse, kuti thonje limamwa chinyontho pafupifupi 8 peresenti ya kulemera kwake, pamene poliyesita safika ngakhale 1, ndiye thukuta limasowa kolowera.

Nkhani ya ufiti inafera pomwepo, popanda woipepesa. Amayi onse anaunjirira lichero, aliyense akufunafuna kake. Amayi busa, amene anabwera akutsimphina ndi malungo, anakweza sanza zawo m'mwamba n'kulengeza kuti, "Ine ndawola bwinobwino, onani!" Ena anawayang'ana ndi kaduka.

Ka mkazi wa alandilodi kanatuluka kamphumphu, ngakhale ulusi umodzi wosaduka. Mayiyo anakayang'ana, n'kuyang'ana amuna awo. Zinadziwika kuti bamboyo anabweretsa chitenjecho ngati mphatso, akuti anachita kuitanitsa kutali ndi ndalama zambiri. Abusa anatseka Baibulo n'kunena kuti mlandu umenewo ukufunika tsiku lake.

Kafukufuku ndiye anawonongeka. Ndinakonza zofukula patapita masabata 12, anafukula ali 6, ndipo timapepala tinasakanikirana. Azakhali anatibwezera m'malo ndi maso okha, chifukwa amadziwa chitenje cha munthu aliyense mumsewu wathu ndi mwambo umene anachivalira. Aphunzitsi atafunsa chifukwa chimene ndinafupikitsira nthawi, ndinati panali zovuta za pamalo. Anandiuza kuti ndizilembe mwatsatanetsatane m'mutu wachitatu. Sindinalembebe.

Lolemba lake azakhali anandidzutsa mamawa, atavala chitenje chobiriwira chija, m'chikwama muli kandulo, machesi ndi sizasi. "Vala chikhoti chako choyera, tikupita ku Kamwala." Ndinati ndili ndi kalasi. Iwo anati kafukufuku ndi wanga ndekha, palibe amene akundidikirira. Wogulitsayo atationa pakhomo anafunsa ngati ndine wa boma, ndipo azakhali anayankha kuti ndine woposa pamenepo. Anatuluka ndi chitenje china, atachiwotcha kaye kunsonga.

Lendi yathu inakwera mwezi womwewo. Ya aneba onse sinasinthe.