Fumbi la Lolemba ku Belle Vue

Nditangosamukira ku Gorton, kum'mawa kwa mzinda wa Manchester, Lolemba madzulo ndinkamva phokoso ngati la chigayo cha dizilo. Linkalira mphindi imodzi, kenako zii, kenako n'kuyambiranso. Nditafunsa agogo ena a khomo loyandikana ndi langa, anandiyankha kuti, "Mwana wanga, amenewo ndi ma Aces. Lolemba likubwerali uvale jekete, tipitire limodzi."

Tinapitadi. Ma Aces ndi timu ya Belle Vue ya mpikisano wa njinga zamoto wotchedwa speedway. Bwalolo lili mumsewu wa Kirkmanshulme Lane, dzina lake National Speedway Stadium, ndipo linatsegulidwa mu 2016. Ine ndinkayembekezera tala. Ndinapeza dothi lofiirira la timiyala tophwanyidwa, lozungulira ngati dzira, mamita pafupifupi 350 basi. Agogo sanafune kukhala pampando. Anandikokera pakona yoyamba n'kuti masewera amaonekera pamenepo.

Njinga zamoto zake ndi za injini ya 500cc, giya imodzi, zimamwa mafuta otchedwa methanol, ndipo zilibe mabuleki. Agogo atandiuza za mabulekiwo ndinawafunsa kawiri. Anyamata anayi amaima pamzere, awiri timu iyi, awiri timu inayo. Asananyamuke aliyense amakumba pansi ndi chidendene, kusalaza poti tayala lakumbuyo ligwire, ngati munthu akukonza phando. Tepi yowatchinga poyambira ikangokwera m'mwamba, onse anayi amafika pakona nthawi imodzi, n'kuipendeketsa njinga cham'mbali, phazi lamanzere lovala chitsulo likukhwekhwereza pansi. Timiyala tinandiwaza kumaso, tina tinalowa m'kapu yanga ya tiyi. Agogo anali atadzitchinga kale ndi kabolodi komwe amapanirapo pulogalamu yawo. Kuzungulira kanayi, mpikisano watha. Woyamba mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, wotsiriza palibe chake. Amatero maulendo 15 usiku umodzi, ndipo agogo amalemba zonse ndi bolopeni.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi anthu osamalira dothilo. Pakati pa mipikisano mathirakitala amalowa kusalaza, galimoto ya madzi ikuwaza pambuyo. Madzi akachepa fumbi limabuka ndipo tayala limangoterereka. Akachuluka ndi matope, ngozi. Usiku ukamapita, dothi limakankhidwira kumpanda, ndiye wolimba mtima amalitsatira komweko, chigongono chitatsala pang'ono kukhudza mpanda, n'kumudutsa mnzake chakunja. Ine ndinakulira pa khasu ku Dedza, ndimadziwa kuti dothi limasintha ndi dzuwa la tsiku limenelo. Sindinkaganiza kuti ndidzapeza azungu akuliyang'anitsitsa chomwecho pakati pa tauni.

Mbiri yake agogo amaifotokoza ngati ya pabanja pawo. Timu ya Belle Vue Aces inayamba mu 1928 pabwalo la mpikisano wa agalu mumsewu womwewu. Chaka chotsatira inasamukira ku Hyde Road, pafupi ndi malo osungirako nyama zakutchire omwe anatsekedwa mu 1977. Kumeneko n'kumene bambo awo ankawanyamula paphewa kuti aone Peter Craven, kamnyamata kochepa thupi ka ku Liverpool, yemwe anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1955 ndi 1962. Craven anachita ngozi pampikisano ku Edinburgh mu 1963 ndipo anamwalira ali ndi zaka 29. Pofika pamenepa agogo anakhala kaye chete, n'kupukuta magalasi awo. Pambuyo pake kunabwera Ivan Mauger wa ku New Zealand, kenako Peter Collins, mwana wa konkuno, yemwe anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1976.

Bwalo la Hyde Road linatsekedwa mu 1987 n'kugwetsedwa, ndipo pamalopo panadzakhala msika wa okushoni wa magalimoto. Agogo mpaka lero sadutsa mbali imeneyo wapansi. Timu inabwerera kubwalo la agalu lija, lopanikizika ndi makona ake othina, n'kukhalako mpaka 2015. Iwo ankapitabe mlungu uliwonse, ngakhale amati kumeneko munthu akangotsogola pakona yoyamba zinkakhala zatha. Chikho cha ligi anachiona mu 1993, kenako anadikira mpaka 2022, pamene ma Aces anagonjetsa Sheffield. Ndimawalemekeza anthu oterewa. Masewera awo salembedwa kwambiri m'manyuzi, mpira wa United ndi City unatenga malo onse, koma iwo Lolemba amakhala ali pampanda ndi fulasiki yawo.

Chaka chino miyendo ya agogo yayamba kuvuta, sangathenso kuima maola awiri. Tsopano timakhala pamipando yakumtunda, komwe timiyala sitifika. Ndinapempha kuntchito kuti shifiti ya Lolemba usiku asamandiikepo, ndipo anavomera. Bolopeni ndimagwira ine, iwo akundiuza manambala.